Galimoto Yogawana ndi Sipanala

Panali munthu wina ku Luchenza, dzina lake Zefaniya Likongwe, wogulitsa nsalu, amene moyo wake wonse anakhala ndi galimoto imodzi yokha. Anaigula malonda atayamba kumuyendera, kwa mzungu wa kumunda wa tiyi amene ankabwerera kwawo. Sinali galimoto wamba. Inali ya mtundu uja umene kale ankakwera akazembe ndi mafumu a mayiko, wopangidwa ndi manja kutsidya kwa nyanja, pang'onopang'ono ngati mmene mmisiri amasemera mpando wa mfumu. Mipando yake inali yachikopa chenicheni. Kutsogolo kwa woyendetsa kunali thabwa losalala ngati la paguwa. Pamphuno pake panali kambalame kasiliva kotambasula mapiko, ndipo chifukwa cha kambalameko anthu anaitcha Namzeze.

Zefaniya ankakonda kunena kuti galimoto imeneyi ili ndi makolo ake. Ankati ili ndi agogo ake amene ankaliza ndi chitsulo chopukusa kutsogolo, ili ndi adzukulu ake amene akupangidwa lero, ndipo onsewo ukawayang'ana kumaso umadziwa kuti ndi a mimba imodzi. Kanthu kakawonongeka, sankaikamo chitsulo cha galimoto ina. Ankayitanitsa chakechake, n'kudikira, ngakhale dzinja lonse lithe galimotoyo ili chiimire.

Mkazi wake anali Namilanzi. Mulungu sanawapatse mwana. Poyamba Namilanzi ankaitcha galimotoyo mkazi mnzake, koma m'kupita kwa zaka anaizolowera, mpaka iyeyo ndiye ankapukuta mipando ndi mafuta Loweruka lililonse. M'dera lonselo, mtsikana akamakwatiwa, wolemera kaya wosauka, ankapita kutchalitchi pa Namzeze, ndipo Zefaniya sankalipiritsa.

Tsiku lina Zefaniya anagwa m'sitolo mwake, osadzukanso.

Anali ndi abale awiri, Yotamu wamkulu ndi Lifeyo wamng'ono. Ali moyo ankangomuyendera akakhala pa mavuto. Pa maliro analira mokweza kuposa aliyense. Dothi la pamanda lisanaume, anatenga makiyi a sitolo ndi a nyumba, n'kumuuza Namilanzi kuti asamukire m'kachipinda ka kuseri kosungiramo makala. Anati mkazi wosabereka alibe muzu pakhomo. Namilanzi anasamuka. Misozi inali idakali m'maso, mphamvu zokangana analibe.

Zonse anagawana bwinobwino mpaka anafika pa galimoto. Yotamu anati ndi yake poti ndiye wamkulu. Lifeyo anati ndi yake poti ndiye anathamangira bokosi. Kunena zoona, palibe amene ankaifuna. Onse ankati ndi chiphakasa chakale chomwa petulo ngati chidakwa. Chimene aliyense sankafuna n'kuona mnzake akuyendetsa. Anatukwanizana, anagwirana m'makolala, ndipo pamapeto pake anapeza nzeru imene onse anakondwera nayo: aiphwasule, aliyense atenge mbali yake.

Namilanzi atamva anatuluka m'kachipinda kake, n'kugwada pamaso pawo.

"Alamu, chonde, itengeni yathunthu," anatero. "Chitani maere. Amene wapata ayendetse, ine sindidzanena kanthu. Koma musaidule."

Yotamu anaseka. "Mlamu, za zitsulo zisiyireni amuna. Inu kaoneni ngati madzi awira."

M'mawa mwake anabwera ndi makaniko wa pamsika, ndi masipanala, ndi nyundo. Pamene bawuti inakana, anaimenya. Pamene chitsulo chinalimba, anachicheka. Namilanzi anaima pakhomo pa kachipinda kake n'kumaonerera. Sanalire. China chake chinauma m'chifuwa mwake ngati mwala, ndipo mwalawo unali wotentha. Ankakumbukira manja a mwamuna wake, mmene ankatsekera chitseko cha galimotoyo mofatsa ngati akugoneka khanda, ndipo tsopano chitseko chomwecho chinali kukwekwerezedwa pamiyala.

Injini anatenga Yotamu, n'kukaigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, amene anaiika pa sikelo ngati nandolo. Kambalame kasiliva anakakhomera pamutu pa ndodo yake. Lifeyo anatenga mipando n'kukaika m'bala yake, kuti oledzera azikhalapo. Matayala anapita ku ngolo ya ng'ombe. Chotsala, chigoba chopanda maso, anachikhazika pa njerwa pabwalo, moyang'anizana ndi chitseko cha Namilanzi. Nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. M'mawa uliwonse akatsegula chitseko, chinthu choyamba kuona chinali chimenecho, ndipo m'mawa uliwonse mkwiyo wake unkadzuka naye limodzi.

Mvula inabwera n'kupita.

Ndiye kunamveka uthenga wochokera ku Lilongwe. Kumeneko kunali njonda ina yosonkhanitsa magalimoto akale a mtundu womwewo. Inali nawo m'nyumba yaikulu yofolera bwino, mbadwo ndi mbadwo, kuyambira agogo aja mpaka adzukulu, koma m'mzere wonsewo munali mpata umodzi. Mbadwo wa Namzeze unkasowa, pakuti opangawo anapanga ochepa, ndipo ambiri anatha kalekale. Njondayo inaona chithunzi cha ukwati pakhoma kwa mnzake wina, inazindikira galimotoyo, n'kufunsira mpaka inapeza kwawo kwa Zefaniya. Inatumiza mawu kuti ibwera mwezi ukatha. Inati galimotoyo ikakhala monga ikuonekera pachithunzipo, mtengo wake ungagule nyumba zingapo za mumzinda. Inatinso ikufuna kudzalankhula ndi mkazi wa mwiniwake, chifukwa galimoto yotere munthu sagula chitsulo chokha, amagulanso mbiri yake, ndipo mbiri imamveka kwa amene anakhala nayo.

Yotamu ndi Lifeyo, amene chigawanire galimoto sankalankhulana, anakhalanso pachibale tsiku lomwelo. Anathamangira kwa ogula zitsulo, koma injini inali itapita kale kukasungunulidwa. Anagula ina ya galimoto yonyamula mbuzi imene inagubuduzika pamsewu wa ku Muloza. Mipando anaichotsa m'bala ili yowauka ndi ndudu, yonunkha mowa, ndipo anaikuta ndi nsalu yapulasitiki. Matayala anakawalanda ku ngolo. Wowotcherera analumikiza zimene nyundo inathyola, wopenta anapaka utoto wochindikala, kambalame kanachoka pa ndodo n'kubwerera pamphuno. Ukaima patali, inkawala.

Koma iwo eni ankadziwa kuti munthu wodziwa akangotsegula kutsogolo, aona. Choncho anakonza bodza. Ndipo bodzalo linkafuna pakamwa pa Namilanzi.

Anabwera kwa iye masana ena atanyamula shuga ndi chitenje chatsopano. Anthu amene sanamufunsepo ngati wadya, tsiku limenelo anakhala pansi pakhomo pa makala n'kumupatsa moni wa manja awiri.

"Alamu athu," anayamba Lifeyo, "zakale zipite. Ndife amodzi. Bwanayo akadzafunsa, mudzangoti malemu ndi amene anasintha injini ndi mipando kalekale, ndipo injini yeniyeniyo anaisungitsa kwa mnzawo ku Zomba, tidzaitumiza pambuyo. Basi. Akadzalipira, inu mubwerera m'nyumba yanu yaikulu. Makiyi ndi awa, mukuwaona."

Anawagwedeza pamaso pake. Namilanzi analandira shuga ndi chitenje chija, ndipo iwo anayesa kuti wavomera.

Musaganize kuti sanayesedwe. Kachipinda kaja kankadontha. Mawondo ake ankawawa ndi chinyezi cha pansi. M'nyumba yaikulu munali bedi limene anagonapo zaka zonse za ukwati wake, ndi zenera limene ankaonera phiri la Mulanje m'mawa. Zonsezo zinali kuseri kwa mawu amodzi. Ankadziuza kuti wakufa samva, bodza silingamupweteke. Ankadziuza kuti njondayo ndi yolemera, siingalire. Masiku onse otsalawo ankakangana yekha mumtima, ndipo mpaka tsiku lenilenilo anali asanadziwe chimene adzanene.

Njondayo inafika. Anali bambo wa imvi, wolankhula motsitsa. Anazungulira galimotoyo osaikhudza. Anagwada, anasuzumira pansi. Anatsegula kutsogolo, nayang'ana nthawi yaitali. Anadina mpando ndi chala. Abale awiri aja ankalankhula mopikisana, kufotokoza za injini ya ku Zomba, kudandaula kuti mbale wawo malemu anali munthu wosasamala, wokonda kusintha zinthu mwachisawawa, ndipo iwo ankamuletsa koma sankamva.

Namilanzi anamva mawu amenewo. Wosasamala. Zefaniya.

Bamboyo anavula chipewa n'kutembenukira kwa iye.

"Mayi, pepani ndi zovuta zinakugwerani. Ndikuona kuti injini iyi si yake, ndipo zambiri zagwidwagwidwa. Alamu anuwa akuti anachita zimenezi ndi malemu, ndipo injini yake ilipo. Iwowa sindikuwadziwa. Koma inu munakhala nayo galimotoyi. Mukandiuza kuti ndi zoona, ndikhulupirira, ndipo tigwirizana lero lomwe."

Yotamu anakhosomola. Lifeyo anagwedeza makiyi m'thumba kuti amveke.

Namilanzi anaimirira. 

"Bambo, mwamuna wanga sanaikepo ngakhale bawuti yachilendo pa galimoto iyi. Anaisiya yathunthu, ikulira bwino. Anaiphwanya ndi awa, ndi nyundo, ine ndikuona, nditawagwadira. Injini anaigulitsa pa sikelo, inasungunuka. Ku Zomba kulibe kanthu."

Kenako anatembenukira alamu ake.

"Munandilanda nyumba, ndinakhala chete. Munanditcha wopanda muzu, ndinakhala chete. Lero mukufuna ndimunamizire munthu amene ali m'manda, amene sangadziyankhire, kuti uve wanu ukhale wake? Ndi pakamwa panga? Makiyi anuwo khalani nawo!"

Anatenga chitenje chija, chidakali chopinda, n'kuchiponya pamapazi pawo.

 Bamboyo anatseka kutsogolo kwa galimoto mofatsa. Anayang'ana abale awiriwo, ndipo nkhope yake inali itada.

"Mukanaisiya mmene inalili," anatero, "ngakhale yadzimbiri, ngakhale yosalira, ndikanaigula, n'kukuthokozani. Dzimbiri ndi ukalamba chabe. Koma ichi sindikuchidziwa."

Anawerama kwa Namilanzi, anavala chipewa, n'kupita.

Fumbi la galimoto yake lisanathe, Yotamu ndi Lifeyo anamuunjirira mayiyo ndi matemberero. Atatopa naye anatembenukirana. Wina anati unayamba ndiwe, wina anati nyundo inali yako. Anamenyana pabwalopo ngati ana, akuluakulu a imvi, mpaka anansi anabwera kudzawaleretsa. Mlandu wawo unakafika kubwalo la milandu, ndipo sitolo ya nsalu inathera komweko. Anafa osalankhulana.

Namilanzi sanadikire kuti amuthamangitse. Anamanga kamtolo kake n'kukwera basi ya kwawo ku Chiradzulu. Kumeneko analima kamunda kakang'ono, m'kanyumba kaudzu, mpaka kukalamba. M'nyumba yaikulu ija sanalowemonso. Anthu akamufunsa ngati sadandaula, ankati nyumbayo amaisowa tsiku ndi tsiku, koma tsiku lokakumana ndi mwamuna wake sadzayang'ana pansi.

Tsopano inu abale amene mwakhala pa maliro pano, amene mawa mukhala pansi kugawa za malemu athuwa, ndakuonani maso anu. Ena mwayamba kale kuyeza makoma tidakali kuimba nyimbo. Ndikuti kwa inu: pali zinthu zimene munthu amazimanga moyo wake wonse, zimene mukazigawa, aliyense amanyamula chitsulo chakufa. Khomo ndi chimodzi mwa izo. Ngati simungathe kupirira kuti mbale wanu apindule, dziwani kuti nyundo mwaitola kale. Ndipo mayi wamasiye wakhala apoyo atafunda kumutu, musamuyese wopusa chifukwa wakhala chete. Tsiku likubwera limene mlendo adzafunsa kuti pakhomo pano panachitika zotani, ndipo sadzafunsa inu. Adzafunsa iyeyo.