Madontho a Amayi Aakulu

Lonjezo lija Mayi Madontho analichita asanakhale Mayi Madontho, pa siteshoni ya basi, masutikesi ali kale pamwamba, kondakitala akumenya chitseko ndi chikhatho. Mng'ono wawo anaima pamenepo atabereka khanda, maso ali psuu ndi misozi. Iwo anavundukula kansalu, nayang'ana kankhope kosalala ngati dzira losenda, nati: "Usalire iwe. Tsiku limene mwana uyu adzakwatiwe, nkhope yake ndidzaikonza ndine, ndi manja angawa. Wina asadzaikhudze."

Sanali mawu a pakamwa chabe. Masiku amenewo mkwatibwi aliyense wa mumsewu wawo ankayamba wakhala pakhonde pawo, iwo akuluka tsitsi, kumeta nsidze ndi kupaka milomo, mng'ono wawoyo atagwira kalilole. Ndiye basi inanyamuka, kenako ndege, ndipo anakatera kudziko lozizira, kumene dzuwa limasuzumira ngati mlendo wamanyazi n'kubwerera asanalipatse mpando.

Kunyumba ankamva kuti achemwali ali pa ntchito ya zokongoletsa anthu. Zoona zake, ankasambitsa nkhalamba za eni ake m'nyumba yosungira okalamba, kuzitikita misana ndi mafuta onunkhira mpaka zitagona. Ankachoka kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. M'sitima ankawerenga, ndipo apa tisawanamizire, mabuku anawadya ndithu: a zitsamba, a khungu, a mbiri yakale, ngakhale a ndakatulo. Nyengo yachisanu iliyonse ankalirira dzuwa la kwawo, kuuza wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti kwathu dzuwa limakukumbatira ngati mayi wako.

Pamene ankabwerera, khanda lija linali litasanduka wapolisi wa pamsewu, mtsikana wamtali amene apabanja ankamutchula kuti Sajeni ngakhale paphewa pake panalibe kamzera ndi kamodzi komwe. Msewu umene Mayi Madontho anausunga mumtima zaka zonsezo sanaupeze. Mtengo wa pachipata anali ataudula kuti pakhale kasitolo ka makava a foni. Khonde lija analitchinga ndi zitsulo ngati ndende. Pakona panali saluni yonunkha tsitsi lopsa, mmene munkagwira ntchito mtsikana wa zikhadabo zazitali, wotafuna chingamu ngati ng'ombe yobzikula. Iwo ankadutsa pamenepo dzanja lina lili pamphuno, lina litagwira ambulera, chifukwa dzuwa ankalilira lija anapeza kuti limatulutsa thukuta. Ali kuja mawu awo onse ankayamba ndi "kwathu". Atafika kwawoko anasintha, akuti "kumene ndinali". Tiyi wa mng'ono wawo anali ndi shuga wambiri, makatani anali a mtundu wolakwika, ana a masiku ano sadziwa kupereka moni. Ndi matenda a anthu ochedwa kubwerera: amafika ndi mapu a mzinda umene unagwetsedwa kalekale, ndipo akasochera amakalipira misewu.

Chuma chawo chinali kabokosi ka matabwa, m'kati muli timabotolo takuda tondandalika ngati asilikali: lavenda, bulugamu, rozimere, minti, mandimu. Ankafotokoza, ndipo ankanena zoona, kuti awa si mafuta wamba koma mphamvu yeniyeni ya chomera, yotcheza m'masamba ndi m'maluwa kapena yofinya m'makoko, moti dontho limodzi limaposa dengu la masamba. Mabuku onse amene anawerenga ankati mafuta otere uziyamba wawasungunula m'mafuta ena ofatsa, monga a kokonati, usanawaike pakhungu. Koma iwo zosungunulazo anali atasiya kalekale. Ankati n'za ophunzira kumene. Timalemba ta pabotolo sankatiwerenganso, chifukwa tinkafuna magalasi, ndipo magalasi ankati amakalambitsa nkhope.

Poyamba zinawayendera. Mayi woyandikana nawo nyumba anafukiza bulugamu m'madzi otentha, mphuno n'kutseguka. Mng'ono wawo anadontheza lavenda papilo nagona ngati mwala. Msewu wonse unayamba kubwera ndi chimfine, mutu ndi msana, ndipo dzina la Mayi Madontho linabadwa. Ena ankalitchula akutsinzinirana diso, koma iwo analilandira ngati digiri.

Woyamba kulawa chowawa anali alamu awo, mwamuna wa mng'ono wawo uja, dalaivala wopuma pa ntchito, wa dazi lowala moti ana ankati amadziyang'anirapo. Iwo anawauza kuti dazi ndi ulesi wa magazi basi, nawatikita rozimere wosakaniza ndi mandimu pamutu ponse. Bambowo, mutu ukununkhira ngati sopo wotsukira mbale, anapita kukaonera mpira pabwalo opanda chipewa. M'mawa mwake dazi linali lofiira ngati tomato, kenako linatuluka matuza. Mayi Madontho analiyang'ana mokhutira nati zoipa zikutuluka.

"Alamu," anatero bambowo, "ngati zoipa zanga zonse zizitulukira pamutu chonchi, ndisiyeni ndidzafe nazo."

Anthu anaseka, nkhani n'kuthera m'chipewa chimene alamuwo anayamba kuvala ngakhale podya.

Tsono ukwati wa Sajeni unayandikira. Mtsikanayo anali ndi kanthu kamodzi kamene kankamudya mumtima: timawanga takuda tosiyidwa ndi ziphuphu m'masaya. Tinali tochepa, toti mkwati mwiniwake sanatione n'komwe, koma iye ankaopa wojambula zithunzi kuposa mmene madalaivala oledzera ankamuopera iyeyo. Mayi Madontho anaona kuti nthawi ya lonjezo yakwana. Anatulutsa botolo la mandimu nati awa amayeretsa khungu mmene sopo amayeretsera nsalu, ndipo pofika tsikulo mwanayo adzawala kuposa diresi.

Mng'ono wawo, amene ankasoka diresilo pabalaza, anachotsa phini pakamwa nawakumbutsa za mutu wa mwamuna wake. Anapempha kuti ayambe ayesa pamkono, kapena afunse kaye kusitolo ya mankhwala. Iwo anaseka kuseka kwa munthu amene wafunsidwa ngati amatha kumanga nsapato.

"Ndikudziwa kale, iwe. Ndikafunse anthu ogulitsa mapiritsi a mutu? Taona nkhope yangayi. Mandimu amenewa ndapaka zaka zonse zija, tsiku ndi tsiku. Ukuonapo chipsera?"

Chipsera panalibedi. Mng'onoyo anabwezera phini pakamwa, poti mkulu wako amene wabwera pa ndege sutsutsana naye uli ndi ulusi m'tsitsi.

Tsiku loyamba kumupaka mafutawo, Sajeni anali pa tchuthi. Anaswera m'nyumba akuyesa diresi, ndipo madzulo khungu linkaoneka losalala ndi lonyezimira. Mayi Madontho anayenda nyumba yonse chibwano chili m'mwamba. M'mawa wotsatira, mtsikanayo atavala kale yunifomu, anamukhazika pampando wa kukhitchini, nathira mafutawo pa zala, osati dontho koma mowolowa manja, monga munthu amene wadikira nthawi yaitali. Anapaka masaya onse awiri ndi chibwano. Dontho lina linatsetsereka m'khosi mpaka pa kolala. Atatero anamutsanzika kuti akagwire bwino ntchito.

Ntchito ya Sajeni inali kuima pakati pa mphambano, pamene maloboti anafa kalekale, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Chipewa chake chinkaphimba mphumi ndi maso basi. Dzuwa lija, limene amayi ake aakulu ankalilira m'chisanu, linamukumbatiradi.

Madzulo Sajeni anabwera nkhope ikuyaka. Iwo anati ndiye kuti mankhwala agwira. M'mawa mwake masaya anali ofiira ndi otupa, ndipo mtsikanayo ananena chapansipansi kuti mwina lero apume kaye. Iwo anati kusiyira panjira ndiko koopsa, zoipa zikabwerera m'kati zimakaitana zinzake. Ndipo Sajeni, amene ankaimitsa chilole chodzaza simenti ndi dzanja limodzi, analephera kuimitsa zala za amayi ake aakulu. Anakhala pampando paja, natsinzina.

Tsiku limenelo sanamalize ntchito. Anzake anabwera naye masana pagalimoto ya polisi, nkhope ili matuza okhaokha, atagwira mpango wonyowa pafupi ndi tsaya koma osayerekeza kulikhudza.

Kuchipatala dokotala anapempha kuona botolo. Analitembenuza, nawerenga, nafotokoza mosakweza mawu kuti mafuta ofinya m'makoko a mandimu akakumana ndi dzuwa pakhungu amawotcha ngati moto. Kuti matuza adzapola, koma mawanga akuda amene adzatsale adzatenga miyezi yambiri. Sajeni anafunsa funso limodzi lokha, ngati adzakhale atachoka pofika tsiku la ukwati. Dokotala anapukusa mutu.

Mayi Madontho anauza aliyense amene anali pamzere wa mankhwala kuti madokotala amadana ndi zachilengedwe chifukwa zimawalanda odwala. Koma atafika kunyumba anatenga magalasi a alamu awo pamwamba pa wailesi, nadzitsekera kubafa ndi botolo lija. Timalembato tinali pomwepo, pamene tinali nthawi yonseyi: sungunulani musanapake, ndipo mukapaka musayende padzuwa. Anakhala m'mphepete mwa bafa. Anakumbukira m'mawa wa mdima uja, masitima a pansi pa nthaka, makonde aatali a nyumba ya okalamba oyaka magetsi masana, ambulera yawo ya kuno. Nkhope yawo yosalala, imene anaipereka ngati mboni, inali nkhope imene dzuwa silinaionepo chichokere pa siteshoni ya basi.

Munthu wina akanatuluka m'bafamo ndi kamawu kamodzi koti pepa. Iwo anatuluka ndi nkhani yoti dzuwa la masiku ano si lomwe lija. Kale linali laulemu, koma anthu adula mitengo, aipitsa mlengalenga, ndipo palibe chimene chatsala chabwino chichokere iwo. Alamu awo anavula chipewa, nasisita zipsera za padazi, navalanso.

Matuza atapola anasiya zimene dokotala ananena. Timawanga takale tija tinamira m'mawanga atsopano, akuda bii, ndipo aliyense ankatha kuona mmene anabwerera: mizere ya zala m'tsaya lililonse, chala chachikulu pachibwano, ndi kamzera kotsetsereka m'khosi. Mkwati anati iye akukwatira munthu osati tsaya. Sajeni anamwetulira pang'ono, koma kuyambira pamenepo ankadya pokhapokha amayi ake aakulu atachoka pathebulo. Iwo anaona zimenezo nati ndi mantha a ukwati. Akwatibwi onse amatero, iwo awadziwa kale.

M'mawa wa tsiku la ukwati Mayi Madontho anadzuka msanga, navala bwino, natenga kabokosi kawo ndi chipeso chakale chimene anachisunga kuyambira masiku a pakhonde. M'mutu anali atakonza kale zonse: lavenda pang'ono, wosungunula ulendo uno, paudala wopepuka, milomo yosafiira kwambiri. Chitseko cha chipinda cha mkwatibwi chinali chotseka. M'kati munkamveka kuseka kwa atsikana ndi kaphokoso ka chingamu chikuphulika.

Anagogoda. Mng'ono wawo anatsegula pang'ono, naima pampatapo ndi thupi lonse. Pamwamba pa phewa lake iwo anaona mtsikana wa pasaluni ya pakona, zikhadabo zake zazitali zitagwira kasiponji, akumata zopakapaka zochindikala m'tsaya la Sajeni ngati mmisiri womata khoma long'ambika. Iwo anati zimenezo zitseka khungu, ndiponso mtundu wake sukugwirizana ndi khosi. Kenako anatsitsa mawu, nakumbutsa mng'ono wawo za pa siteshoni ya basi paja.

"Ndikukumbuka, achemwali," anatero mng'onoyo. "Kalilole ndikugwira ndine mpaka lero. Kakhaleni pabalaza, tiyi ali m'fulasiki."

Iwo anaitana mwanayo ndi dzina lake la ukhanda, nakweza manja awo kuti awaone, nati awa ndiwo analonjezedwa iye asanamere ngakhale dzino. Sajeni sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana m'kalilole, milomo yokha ikuyenda kuti asasokoneze ntchito ya mtsikana uja.

"Manja anu ndili nawo kale, amayi aakulu. Ndi amene tikuphimbawa."

Chitseko chinatsekeka, osati mwamphamvu. Mayi Madontho anakakhala pabalaza, kabokosi pamiyendo, chipeso m'manja, pafupi ndi alamu awo amene anali atavala suti ndi chipewa chawo chija. Msewu wonse unkalowa ndi kutuluka m'nyumbamo ndi maluwa, mipando ndi nsapato zatsopano. Aliyense ankawapatsa moni waulemu, koma wopempha dontho panalibe, ndipo chipinda chija ankalowamo onse kupatula iwo. Amene anatisiyira mawu sanalakwe: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tsiku limene mwana uja anakwatiwa, nkhope yake anaikonza mtsikana wa pasaluni ya pakona.