Basela pa Kachitsulo Kakang'ono

Panali mkamwini wina amene ntchito yake inali yojambula maeriyo okoka netiweki ya foni pakompyuta. Chitsulo chisanadulidwe, iye ankayamba wachiyesa pamenepo, kuona mmene mafunde a foni angayendere. Apongozi ake ankakhala kuseri kwa phiri, kumene munthu akafuna kuyimba foni ankakwera pachulu. Tsiku lina bambowo anagwa pachulupo foni ili kukhutu. Atadzuka anangofunsa mkamwiniyo kuti, "Paja sukulu yonse ija ndi ya mafunde eti?"

Mkamwini analonjeza pamaso pa anthu kuti pofika Loweruka netiweki ilowa m'nyumba.

Anajambula eriyo ya tizitsulo khumi ndi tiwiri. Kompyuta inati zonse zili bwino. Anatenga pepala la miyeso kupita nalo kumsika kwa a Kamtedza, owotcherera zitsulo. Kumeneko ananenerera mtengo mpaka mmisiriyo anatuluka thukuta, ndipo pochoka anatembenuka monga achitira aliyense wogula tomato: "Basela musaiwale, amisiri."

A Kamtedza anali munthu womvera. Atayala tizitsuloto anaona kamodzi kafupi zedi, kochititsa manyazi. Anakamvera chisoni, n'kukawonjezera mamilimita angapo.

Loweruka eriyo inakwezedwa padenga anthu akuonerera. Foni sinasonyeze ngakhale kamzera kamodzi. Apongozi anatenga ndodo yawo n'kulowera kuchulu.

Mkamwini anabwerera kumsika maso atafiira.

"Mwandiphera eriyo."

"Ine? Mizere khumi ndi iwiri munalemba, yonse ndi inki imodzi," anatero a Kamtedza. "Ndikanadziwa bwanji kamene sikafuna kukhudzidwa? Ngakhale mkazi wanga amandiuza kuti poto iyi gwira, iyi usayerekeze."

Mkamwini nayenso sankakadziwa. Kompyuta anali ataifunsa ngati eriyo idzagwira ntchito zonse zikakhala ndendende. Sanaifunse chimene chidzachitike dzanja la munthu likaphonya pang'ono. Ndiye atabwerera kunyumba anakhala pansi n'kuyamba kusuntha miyeso pakompyutapo, umodzi umodzi, milimita imodzi yokha, ina yonse ili chikhalire. Wautali kwambiri anausuntha, mafunde osatekeseka. Wachiwiri, wachitatu, chimodzimodzi. Atafika pa kachitsulo kafupi kaja, mafunde anathawa ngati mavenda akaona galimoto ya khonsolo.

Anazunguliza muyeso umenewo ndi inki yofiira, n'kutsitsa eriyo kupita nayo kwa a Kamtedza.

"Aka kokha mupale ndi tupa, mosaphonya. Kwinaku mtima wanu wabwino uchite zimene ukufuna."

"Nanga basela?"

"Ikani pamtengo woimikirapo eriyo."

Mtengowo unatalika ndi mkono wathunthu, ndipo netiweki inalowa mpaka kukhitchini. Apongozi anakhala pampando wawo wandalema n'kuyimbira m'bale wawo wa kutauni, mkamwini ali chiimire pakhomo. "Ndikuyimba ndili m'nyumba," anatero. "Kuli mmisiri wina kumsika, a Kamtedza. Munthu uja ali ndi mutu."

Tsono inu amene mumalembera anzanu miyeso, musamaope zonse mofanana, pakuti woopa zonse salondera chilichonse. Yambani mwagwedeza chimodzi chimodzi mukadali papepala, mupeze kamene sikafuna nthabwala, mukalembe mofiira. Dzanja la mmisiri lidzaphonya ndithu, ndipo mtima wake udzawonjezera. Muuzeni pomwe angawonjezere. Zakuti atamandidwe ndani musazivutikire, muyeso umenewo suli m'manja mwanu.