Mvuu Agula Dambo la M'foni

Kalekale, inu ana ndi inu akuluakulu, koma osati kale kwenikweni poti mafoni anali atafika kale kuthengo, nyama za ku dambo la Nankhwazi zinayambitsa bungwe logulitsa madzi. Bungwe lake lachilendo: lopanda wapampando, lopanda ofesi. Nkhani zonse ankagamula ndi mavoti a pafoni. Chigamulo chikalembedwa, chinkalowa m'foni ya aliyense, ndipo panalibe wofufuta. Bungwelo linalinso ndi dambo lina la m'foni, looneka ukavala magalasi apadera, komwe linkagulitsa mapuloti kwa nyama za m'tauni.

Tsono mavotiwo ankagulidwa. Mvuu anagula, anagula, anagula, mpaka ake anaposa a nyama zonse.

"Loweruka ndivota kuti dambo lonseli ndi bafa langa," anatero Mvuu. "Wa ludzu akanyambite mame."

Chule anali ndi mbululu mazana atatu zosamera miyendo. Analumpha, jowi! jowi! mpaka kwa loya Nalimata. Nalimatayu malamulo anaphunzirira pakhoma la khoti, pomwe anakhala zaka khumi akumvera milandu uku akudya udzudzu.

"A loya, ana anga alowera kuti? Tiyeni tikamusumire!"

"Mayi, bungwe lanulo munakalembetsa kuboma?"

"Ayi, tinkati ndi za m'foni."

"Ndiye woweruza akafunsa kuti bungwe mukulinenalo lili kuti, mudzaloza foni? Pomwe mlandu uzidzazengedwa, ana anu adzakhala atauma gwa! Pitani mukanditengere magalasi aja."

Lachisanu, Nalimata anamupeza Mvuu akuothera dzuwa pamtunda.

"Bwana, ndabwera ndi malangizo aulere."

"Aulere? Khala pansi, kamwana iwe."

"Akuluakulu ngati inu kulimbirana matope ndi achule? Bungwe lili ndi dambo lina, losaphwa ngakhale mu Okutobala. Munalionapo?"

Anamuveka magalasi. Mvuu kukamwa yasa! Madzi mpaka kumalekezero a maso, udzu biriwiri.

"Ndikulifuna lonse!"

"Nyama zati mtengo wake ndi mavoti anu onse. Koma werengani kaye pangano, bwana. Masamba ake ndi makumi anayi."

"Makumi anayi? Ndine mwana wasukulu ine? Ungondiuza zalembedwamo."

"Akuti dambo lonse looneka m'magalasimo ndi la a Mvuu mpaka muyaya."

"Basi!" Mvuu anadinda chiboda pafoni, ndipo mafoni onse a m'thengo analira, tii! tii! tii!

Magalasi ali kumaso, Mvuu anabwerera m'mbuyo, nathamanga, di! di! di! nalumphira m'dambo lake latsopano. Khu! pachulu. Fumbi kobo!

"Madzi ali kuti?" anakuwa Mvuu, akulavula chiswe.

"Ali momwemo, bwana. Mwavuliranji magalasi?"

"Fufuta panganolo!"

"Lalowa m'mafoni zikwi ziwiri. Kafufuteni nokha, muyambire ya a Njovu."

"Iwe si loya wanga kodi?"

"Munandifunsa? Ine ndine loya wa mayi Chule. Inu ndinangokuuzani kuti werengani."

Loweruka nyama zinavota Mvuu alibe voti. Zinagwirizana kukalembetsa bungwe kuboma, ndiponso kuti kuyambira tsikulo nyama imodzi, voti imodzi. Zinavotanso kuti Mvuu asalowenso m'dambo la Nankhwazi. Mvuu anaima kunja kwa madzi masiku atatu, khungu likung'aluka, ng'aa! ng'aa! Tsiku lachinayi anagwada.

"Mayi Chule, ndinu kholo. Ndikhululukeni."

Chule anayankha kuti, "Lowani. Koma mukhale phee, osagubuduka. Mukapsinja mwana mmodzi yekha, tivotanso."

Nchifukwa chake mpaka lero Mvuu akalowa m'madzi amangoti zii, maso ndi mphuno zokha pamwamba. Akuopa mbululu.

Nthano yanga ndaigwira kumchira, phulani mbatata zisanapserere. Koma mawa wina akakubweretserani pangano, musanadinde chala funsani loya. Ndipo musanamvere loyayo, yambani mwafunsa kuti akudya kwa yani.