Nkhumba za Nasibeko ndi Mgolo Wobiriwira

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, kuseri kwa mpanda wa yunivesite ina kunkakhala mayi wina dzina lake Nasibeko. Mwamuna analibe, munda analibe. Chake chinali khola la nkhumba basi, ndipo ana ake ankadya ndi kuvala nkhumba zomwezo.

Ophunzira a pamenepo ndi anthu odabwitsa. Amapakulitsa mbale mpaka kusefukira, kulawa kawiri, kwinako kudzala. Nasibeko ankalowera pampata wa mpanda kukatola mpunga ndi nyemba zotayidwazo, akulimbirana ndi agalu ndi akhwangwala. Manyazi anasiya kalekale. Nkhumba zinkanenepa.

Dzala lija litanunkha mpaka m'maofesi, akuluakulu anadzidzimuka. Paja chinthu chimayamba kuvuta chikafika pamphuno pa bwana.

Woyamba kudzuka anali Dokotala Namandwa, mphunzitsi wa zachilengedwe. Iye analamula kuti zinyalala zizisankhulidwa: mabotolo padera, mapepala padera, zakudya padera. Anatinso mayi wa nkhumba uja asamavutike kudzala, azingopungula mumgolo wa zakudya. "Koma tisagule migolo yatsopano," anatero. "Kumunda wa sukulu kuli yakale ikungochita dzimbiri. Tengani yomweyo, muitsuke." Sanapite kukaiona. Nsapato zake sizidziwa njira ya kumunda.

Wachiwiri anali Bambo Kamtedza, wosesa. Anakankha migoloyo pawilibala mpaka kumpopi, n'kupeza mpopi uli ndi loko. Akuti kusamala madzi, ndipo mwini kiyi anali kumsonkhano wa masiku ambiri. Kamtedza anapempha chidebe chimodzi kukhitchini, n'kupukuta migolo yonse ndi kasanza. Mgolo umodzi unali ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa opingasa, chifukwa munkakhala mankhwala ophera nkhupakupa pa ng'ombe. Anauona bwinobwino. Mumtima anati, aliyense ali ndi maso, uwu adzaikamo mabotolo. Sanauze munthu, anapita kukasesa.

Wachitatu anali Pempho, mtsikana wotsogolera gulu la ophunzira osamala chilengedwe. Iye anabwera ndi penti. Mgolo wachigaza uja ndiwo unali wosaphwanyika, wooneka bwino kuposa yonse. "Uwu ukhale wa zakudya, udzaima kutsogolo pojambula," anauza anzake. "Koma chigazachi chikunyansa." Anachipaka penti yobiriwira, kawiri konse, n'kujambulapo tsamba.

Tsiku lotsegulira migoloyo kunali nyimbo, m'manja ndi zithunzi. Nasibeko anamuimika pafupi ndi mgolo, namuuza kuti amwetulire. Anamwetuliradi, wosauka. Podzapungula zakudya anamva kafungo, koma anati ndi penti. Kuwerenga sadziwa, koma chigaza amachidziwa. Akadachiona sakadayandikira n'komwe.

Nkhumba zinadya, zinadyanso mawa lake. Kenako zinayamba kunjenjemera, thovu kukamwa, miyendo gwa. Yaikazi yomwe inali ndi bere ndiyo inatsiriza kufa. A zaumoyo atabwera anathira palafini pamitembo yonse kuti Nasibeko asagulitse ngakhale mwendo. Dzenje anakumba yekha.

Ali ndi dothi m'miyendo, Nasibeko analowera pageti lenileni, mlonda osamuletsa poona nkhope yake. Anawapeza atatuwo ataitanidwa kwa mkulu wa sukulu.

"Ndani wandiphera nkhumba zanga?" anakuwa.

"Mayi, khalani pansi kaye," anatero mkuluyo.

"Ndikhale pansi ndabwera kudzamwa tiyi?"

Dokotala anakonza magalasi. "Ine ndinanena momveka kuti itsukidwe."

"Ndi malovu, bwana?" anayankha Kamtedza. "Mpopi munatseka ndinu nomwe. Ine ndinausiya chigaza chili poyera."

"Ndiye osanena bwanji, achimwene?" anatero Pempho, misozi ili mbwee. "Ine anandiuza kuti yatsukidwa. Ndinangopenta."

"Unangopenta!" Nasibeko anawomba m'manja kamodzi. "Mwana iwe, mabuku onsewo sanakuuze kuti chigaza sajambula pofuna kukongoletsa? Inu adokotala, kudzala kuja ndinakudandaulirani? Agalu ankandiluma, inde, koma nkhumba zanga sizinafe. Ndi inu a Kamtedza, mnzanga wosauka, mumadutsa pakhomo panga tsiku ndi tsiku, pakamwa panamatidwa ndi chiyani?"



Mkulu wa sukulu anatsokomola n'kunena kuti sukulu ilibe mlandu, chifukwa mayiyu si wantchito wawo, ndipo zakudyazo ankalandira mwaulere. Koma poti nkhani ingafike pawailesi, mmodzi mwa atatuwa, wolakwa weniweni, amubwezere khola lake. Awiri enawo azipita. Kusankha anamusiyira Nasibeko yemwe, ngati kuti ndi ulemu.

Nasibeko anawayang'ana mmodzimmodzi. Akaloza dokotala, nkhumba zibwera msanga, koma dokotalayo anatidi itsukidwe, ndiponso ndi yekhayo amene anamuganizirako. Akaloza Kamtedza, amene anaona imfa n'kukhala chete, ntchito imuthera, ndipo alibe ngakhale nkhuku yoti abweze. Akaloza Pempho, amene anaphimba chenjezo ndi dzanja lake, amuchotsa sukulu, mwana wa mayi wina wogulitsa makala. Kunyumba ana akudikira, khola lili pululu.

Ine pano sindiweruza, sukulu yanga inathera panjira. Inu amene mukumva, ophunzira ndi osaphunzira omwe, tandiuzani: chala cha Nasibeko chiloze ndani, wolamula osakaona, woona osanena, kapena wopaka penti pachigaza?