Masamba M'njira ya Othamanga

Mumzinda wina waukulu munkakhala bambo wina wogwira ntchito ya mu ofesi, munthu wa nyumba ya mpanda ndi galimoto yakeyake. Umu ndi mmene abusa Chimwaza anayambira fanizo lawo Lamulungu lina nyengo yozizira, ndipo ine ndangolilemba monga ndinalimvera. Dzina la bamboyo sanatiuze. Anangoti mkazi wake ankamuitana kuti bambo a Lonjezo.

Tsiku lina dokotala anamuyeza bamboyu n'kupukusa mutu. Anati magazi akuthamanga kwambiri, mimba yakula, ndipo akapanda kusamala mtima udzamugwetsa panjira. Anamuuza kuti achepetse mchere ndi mafuta, ndiponso kuti aziyenda kapena kuthamanga mmawa uliwonse. Bamboyo anamvera, ndipo anachita bwino kumvera. Anagula nsapato zothamangira, kabudula, chipewa, ndi timahedifoni toika m'makutu.

Pakati pa mzindawo panali paki yaikulu, yoti munthu ukalowamo umaiwala kuti kunja kuli magalimoto. Munali mitengo italiitali ya mibawa, kapinga wometedwa bwino, kamtsinje ndi kamlatho kake ka matabwa. Loweruka amayi ankabwera ndi wailesi kudzadumphadumpha, ana ankamenya mpira, akwati ankajambulitsa zithunzi pamthunzi. Njira ya othamanga inkazungulira paki yonse n'kudzathera pageti pomwe yayambira.

Mimba ija inaphwa. Mpweya unabwerera. Koma kuthamangako kunakula mumtima mwake mpaka kunalanda malo a zinthu zina. Mnzake wa kuntchito akagonekedwa m'chipatala, iye ankati adzamuona mawa. Kumudzi kukagwa zovuta ankangoimba foni. "Ine maliro amandithamangitsa magazi," ankatero uku akumanga zingwe za nsapato.

Ndiye anamwalira a Likongwe, oyandikana nawo nyumba, munthu amene ankawapatsira mapapaya pamwamba pa mpanda. Tsiku loika linali Loweruka, kunja kuli chifunga ndi kamvula kowaza. Mkazi uja akumanga mpango kumutu anaona mwamuna wake akutuluka m'chipinda atavala kabudula.

"Bambo a Lonjezo, zovala zimenezo n'zopita nazo kuti?"

"Ndikazungulire kamodzi kokha. Ndibwera."

"Lero n'kumanda. Amuna achepa, ndipo adzukulu afunsa kale ngati m'nyumba muno muli mwamuna."

"Kawauzeni kuti alimo, koma ali ndi dokotala wake. A Likongwe sakuthamangira kulikonse, andidikira."

Mkaziyo anamuyang'ana. "Ndiye mudzere kuseri. Mayi Likongwe asaone mawondo anuwo."

Anadzeradi kageti ka kuseri.

Mupaki chifunga chinali chitatsika mpaka pa kapinga. Mitengo inkaoneka thunthu lokha, nthambi zitamira m'mwamba. Bamboyo anaika timahedifoni m'makutu n'kuyamba kuthamanga monga mwa masiku onse. Atangodutsa kamlatho kaja anaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira, nthambi za mango zothyoledwa kumene, utomoni ukadali kudontha.

Tonse timadziwa chimene masamba otere amanena. Wapanjinga amatsika. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wachipewa amavula. Koma mupaki mulibe nyumba, nanga maliro angagwe pati? "Ana osewera awa," anaganiza motero. Analumpha masambawo, chipewa chili kumutu.

Atakhota pang'ono anawapeza. Amuna atatu ovala majekete akale anali ataima pakati pa njira, atasenza bokosi la matabwa osapaka utoto. Awiri anali kumbuyo, mmodzi kutsogolo. Ngodya yachinayi inalibe munthu, inkangolendewera. Panalibe amayi, panalibe mtanda, panalibe nyimbo.

Apa abusa anaima n'kutifunsa ngati alipo pakati pathu amene anaonapo maliro opanda nyimbo.

"Achimwene, tilandireniko," anatero wa kutsogolo uja ndi mawu otsika.

Bamboyo analoza wotchi ya pamkono pake. "Pepani akuluakulu, nthawi." Analambalala podzera m'kapinga, n'kupitirira.

Koma mtima wake sunakhazikike. Anati angomaliza kuzungulira kumeneku atuluke. Anadutsa pabwalo la mpira, anadutsa pamabenchi, nafika pamene geti linayenera kukhala. Panali mitengo yokhayokha. Njira inangopitirira, ndipo patsogolo pake panali kamlatho kaja, kenako masamba aja. Analumphanso. Amuna aja anali pomwe paja, koma tsopano ngodya yopanda munthu inali itatsika kwambiri, ndipo khosi la wa kutsogolo linali litapindika ndi kulemera.

"Tilandireniko pang'ono. Kumene tikupita si kutali."

Bamboyo anawalambalalanso. Anati mwina chifunga chamusokoneza, choncho anapatukira m'kanjira kena kodzera m'nsungwi, kamene ankakadziwa bwino kuti kamatulukira kumsewu waukulu. Kanjirako kanamubwezera pakamlatho.

Anachotsa timahedifoni tija. Pamenepo ndi pamene anamva kuti paki yonse ili zii. Panalibe mbalame, panalibe hutala ya galimoto, ngakhale madzi a pansi pa mlatho ankayenda osamveka. Chimene chinkamveka ndi mapazi okha, ambirimbiri, kutsogolo ndi kumbuyo kwake m'chifungamo. Anafuna kuima kuti aganize bwino, koma miyendo inakana. Inkangopita yokha ngati ya munthu wina. Anayesa kugwira mtengo, dzanja linangokhula khungwa n'kupitirira. Pachifuwa panayamba kuwotcha, ndipo anakumbukira mawu a dokotala aja.

Othamanga anzake ankamudutsa osamuyang'ana. Anapatsa moni mmodzi, sanayankhe. Anapatsa moni wina, chimodzimodzi. Kenako anapezana ndi mkulu wina wa ndevu zotuwa zofika pachifuwa. Nsapato za mkuluyo zinali zitatheratu kunsi, zidendene zikugunda miyala zili magazi okhaokha, koma nkhope yake inali ngati ya munthu amene watsala pang'ono kufika.

"Akulu, geti lili mbali iti?"

"Lili patsogolopa," anayankha mkuluyo osacheuka. "Ndingozungulira kamodzi kokha, ndituluka."

"Mwalowa nthawi yanji muno?"

"Ndinalowa mitengoyi ikundilekeza m'chiuno."

Bamboyo anakweza maso. Mibawa ija inali yoti amuna awiri sangaikumbatire n'kugwirana manja.

Anathamanga limodzi mpaka pakamlatho. Mkulu uja analumpha masamba osawayang'ana n'komwe, monga munthu amalumphira ngalande ya pakhomo pake, ndipo chifunga chinamumeza. Koma bambo a Lonjezo anazindikira chinthu chimene chinamuchitikira maulendo onse aja iye osachilabadira. Akamayandikira masambawo, miyendo inkamasuka. Paki yonseyo, malo amenewo okha ndi pamene miyendo yake inkamumvera. Akalumpha, inkamulandanso.

Anayang'ana masambawo. Anayang'ana njira yopitirira. Mtima unkamuuza kuti alumphe, ayesenso kamodzi, mwina ulendo uno geti lioneka. Bokosi lija ankaliopa kuposa kutopa.

Anaima.

Anavula chipewa n'kuchipinda m'dzanja. Anaoloka masambawo poyenda, mutu uli pansi, nafika pamene panali amuna aja. Palibe anamudzudzula. Wa kutsogolo uja anangosendera pang'ono, ndipo bamboyo analowetsa phewa lake pansi pa ngodya yopanda munthu.

Thabwalo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Kulemera kwake kunamutsikira kuchokera paphewa mpaka m'mawondo, ndipo munthu amene ankazungulira paki yonse osapuma anayamba kunjenjemera asanapite patali. Mwa chizolowezi anafuna kufulumira kuti athane nazo msanga.

"Pang'onopang'ono, achimwene," anatero mmodzi wa akumbuyo. "Wonyamula maliro satsogola anzake."

Anayenda. Nkhope za anzakewo sankatha kuziona chifukwa bokosi linali pakati pawo. Ankangoona pansi. Dothi linali lonyowa, ndipo nsapato zake zinkasiya zidindo zooneka bwino. Mapazi a mnzake wa pambali anali opanda nsapato, ndipo sankasiya kanthu. Mantha anamugwira, koma akanati athawe bokosi likanagwa, choncho analimbitsa phewa n'kumayenda.

Akuyenda chomwecho anamva njiwa ikulira. Kenako anamva madzi. Kenako, kutali, mwana akuseka, ndi kondakitala wa minibasi akuitanira anthu. Chifunga chinayamba kupepuka. Ndipo geti lija linali apo, pamalo pake pa masiku onse, lotsegula, pakati pa mitengo iwiri imene anaidutsa kambirimbiri tsiku limenelo.

"Tulani apa," anatero wa kutsogolo.

"Nanga kumanda?"

"Ife sitituluka. Muno mukadali anthu."

Bamboyo anachotsa phewa, ndipo ngodya ija inalendeweranso. "Kodi tanyamula ndani?" anafunsa.

"Polandira simunafunse. Pitani kwanu."

Amuna aja anatembenuka ndi bokosi lawo mwapang'onopang'ono, monga amatembenukira anthu atatu osenza katundu wa anthu anayi, n'kubwerera m'mitengo.

Kunja dzuwa linali litapendeka kale. Mlonda wa pageti anali akukukuta chimanga chootcha. "Lero mwakhalitsa, bwana," anatero.

Bamboyo anapita kwawo poyenda. Pofika anapeza anthu atabwerako kumanda, akusamba m'manja m'beseni pakhomo pa a Likongwe. Amuna amene anakhala pamabenchi anayang'ana kabudula wake, n'kuyang'anana.

"Afika a mpikisano," anatero wina. "Mwakhala nambala chani, a neba?"

Iye anangodutsa pakati pawo mpaka pakhomo la nyumba ya siwa, pamene mayi Likongwe anakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo, mkazi wake ali pomwepo. Ananjuta pansi.

"Pepani, mayi."

Namfedwayo anamuyang'ana ndi maso otupa. "Mwabwera, bambo a Lonjezo. Anzanu ali m'chipatala ndinkafuna kukutumirani uthenga, koma anandiletsa. Anati, musamuvutitse, munthu uja amadutsa pakhomo pathu mmawa uliwonse, tsiku lina miyendo idzamukhotetsera kuno."

Bamboyo ananjutabe pomwepo.

"Khalani pansi," anatero mayiwo. "Mwatopa."

Anakhala padothi pomwepo. A Likongwe anali atanyamulidwa kale ndi mapewa a anthu ena, ndipo mwayi umenewo sunabwererenso. Koma anakhala, ndipo sanayang'ane wotchi.

Abusa atafika pamenepa anati:

"Abale anga, musapite kukafunafuna paki imeneyi. Ili ndi fanizo. Ndiponso musapite kunyumba n'kukataya nsapato zanu zothamangira. Thupi ili analipanga ndi Mulungu, lisamaleni. Yendani, thamangani, kapumeni mphepo ya m'mitengo. Koma wina amathamangira malonda, wina sukulu ya ana, wina udindo, wina ngakhale ntchito za mumpingo muno, ndipo aliyense amati ndingozungulira kamodzi kokha. Mukumva ngati mukupita patsogolo, pamene mukungobwerera pakamlatho.

"Ndiye Ambuye, mwa chifundo chawo, amakuyalirani masamba panjira. Mnzanu wadwala. Woyandikana naye waferedwa. Mkazi wanu wasiya kuseka. Inu mumati akukuchedwetsani. Ayi. Pamenepo pokha ndi pamene miyendo yanu ikadali yanu. Munthu amene saima pa chisoni cha mnzake, tsiku lina adzafuna kuima, ndipo adzapeza kuti sangathenso. Khomo lotulukira silioneka kwa wothamanga. Limaoneka kwa amene wasenza katundu wa wina n'kumayenda naye. Mukawaona masambawo sabata ino, vulani chipewa tsiku lomwelo, chifukwa amene mukuti akudikirani sadikira mpaka kalekale."

Tikutuluka, mayi wina wachikulire anawagwira dzanja abusa pakhomo n'kuwafunsa kuti, nanga mkulu wa ndevu zotuwa uja anatuluka?

"Sindikudziwa, mayi," anayankha abusa. "Koma amuna atatu aja anabwerera mupaki muja."

Ambuye, amene akuzungulirabe muwakumbukire, ndipo ifenso mutiimitse miyendo yathu ikadali kutimvera. Ameni.