Mawere Amene Anamera Kuseri kwa Filiji

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi khomo limene unatulukira. Uwu wa lero unatulukira m'khitchini mwa mayi Chikaonda, ku Chilomoni.

Mayiwa anali ndi filiji imene ankaikonda kuposa abale awo ena. Vuto linali limodzi: kabowo kotulutsa madzi m'chipinda chapamwamba, mosungira nyama muja, kankangotseka. Madzi ankaundana pansi pa nyama, ena n'kuchucha mpaka pasimenti. Bambo Chikaonda ankatokosa ndi sipoko ya njinga, kuthirapo madzi otentha, n'kulengeza kuti matenda atha. Sabata isanathe, dziwe lija linkabwerera.

Mlandu wonse unkagwera Felesiya, mayi wamasiye amene ankagwira ntchito pakhomopo.

"Iwe Felesiya, sutseka bwino chitseko cha filijiyi."

"Ndimatseka, mayi."

"Ndiye madziwa akuchokera m'mitambo? Ikachuchanso, ulongedze."

Felesiya anachita mantha, pakuti ana ake awiri ankadyera ntchito yomweyo. Anafika pomanga chitsekocho ndi mphira ya chubu. Koma Lachisanu m'mawa anapondanso madzi, ndipo mtima unamuwawa kwambiri. Anakolopa mwakachetechete, n'kukamanga zovala zake m'chitenje.

Tsiku lomwelo kunafika a Ndaziona, malume awo a bambo Chikaonda, mlimi wa ku Mayani amene anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Filiji anali asanaigwirepo chibadwire. Atawapatsa mpando anakana, nakhala pansi pafupi ndi khomo la khitchini kuti awongole miyendo. Ali pomwepo, anapendeketsa mutu.

"Kodi ana anga, m'tauni muno mwayamba kulima m'nyumba?"

"Bwanji, malume?" anafunsa bambo Chikaonda.

"Ine maso anga ndi odwala, koma mmera sindingauphonye. Tasuntha chinthu chakochi."

Atasuntha filijiyo, onse anasuzumira. Kumbuyo kunali kambale kolandira madzi, pamalo ofunda pamwamba pa injini, ndipo m'menemo mawere anali atamera bwinobwino, obiriwira ngati nazale. A Ndaziona anagwira kapaipi kotsikira m'kambalemo, nakafinya kunsonga kwake kwa mphira. Kanali gwa. Anatulutsa kalumo kawo kometera ndevu, kokulunga m'pepala, nang'amba pang'ono nsongayo. Panatuluka chibuluma cha mawere otupa, kenako madzi anatsika okha.

"Sipoko yako inkangokankhira mbewuzi pansi, mphwanga," anatero. "Amasunga mawere m'menemu ndani?"

Mayi Chikaonda anayang'ana pansi. Anali iwo amene ankabisa mawere a thobwa pakona ya chipinda cha nyama chija poopa anankafumbwe, m'jumbo imene inali itabooka kalekale. Kupepesa wantchito kumalemera pakamwa, komabe anatembenukira kwa mayi wamasiye uja.

"Felesiya, kamasule katundu wako. Ndakulakwira."

Felesiya anagwada, nawomba m'manja kwa a Ndaziona, misozi ili chuchuchu. Filiji ija sinachuchenso.

Nkhaniyi itamveka m'dera lonselo, anthu anayamba kunena kuti, "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa." Tanthauzo lake n'lakuti eni nyumba amazolowera vuto lawo mpaka kuleka kuliona bwino, ndipo pamenepo amayamba kuloza chala wosalakwa. Wobwera amaona ndi maso atsopano. Choncho mlendo akayankhula, ngakhale akhale wa nsapato zafumbi, mumvereni kaye asanamalize tiyi wake.