Nyumba Yosapuma

Kalekale, bambo Kachingwe anali ndi nyumba pathanthwe, m'munsi mwa phiri. Mkazi wawo anamwalira ndi khansa ya m'mapapo, munthu woti fodya sanamulaweko. Atakwatira mkazi wina, Nasibeko, bambowo nawonso anayamba kutsokomola magazi. Mudzi suchedwa kupeza mfiti, makamaka ikakhala yobwera. Anthu anafika ndi miyala m'manja kudzapha Nasibeko.

Bambowo anali ndi ana atatu kwa malemu aja. Woyamba, Yotamu, anaima pakhomo. "Mayi awa muwagenda mukathana ndi ine," anatero. Mwala unamung'amba pachipumi, koma sanasunthe. Anthu ataona magazi anazizidwa. "Tikupatsani sabata imodzi. Mutiuze chikupha anthu muno."

Wachiwiri, Velina, anali namwino m'tauni. Iye anamvapo za mpweya wotchedwa radoni, wochokera m'miyala ya pansi, wopanda fungo, umene ukadzadza m'nyumba umadya mapapo pang'onopang'ono. Anagwada kwa akatswiri mpaka anamubwereka kachipangizo koyezera, nakaika kuchipinda. Sabata itatha, kanaonetsa kuti mpweyawo wapitirira kutalitali mlingo umene munthu angakhale nawo bwinobwino.

Koma anthu anangoseka. "Nafenso tinamanga pathanthwe lomweli. Bwanji ife sitikufa?" Ndipo anayambanso kutola miyala.

Apo m'pamene anadzuka Lufeyo, wachitatu, mmisiri amene anamanga nyumbayo. Iye anati: "Nyumba zanu zimapuma, iyi ayi. Mawindo ndinakhomerera ndine, timabowo ta mpweya ndinamata poopa akuba ndi fumbi. Simenti ya pansi ndinaumira, n'chifukwa chake inang'aluka. Ngati mukufuna wopha amayi, ndine." Anatenga hamala n'kuboola khoma onse akuona, kenako anamata ming'alu yonse. Miyala inagwa m'manja mwa anthu. Nasibeko anapulumuka, koma kuyambira tsikulo palibe anaitananso Lufeyo kuti amumangire ngakhale khola la nkhuku. Ine ndimamumvera chisoni, komabe sindiiwala kuti mayi ake ali kumanda.

Ali gone kuchipatala, bambo Kachingwe anaitana ana awo. "Ndili ndi dimba limodzi, losagawika. Ndilipereka kwa amene wapulumutsa mkazi wanga."

Yotamu anagwira chipsera chake. Velina anati popanda kuyeza, onse akanangolozana zala. Lufeyo anangoweramitsa mutu.

Nanga inu, dimbalo mukanapatsa yani: wokhetsa magazi, wovumbula mdani wosaoneka, kapena wolakwa amene anadziulula yekha miyala ili m'manja mwa anthu?